Kompyuta Yakana Mawa

Taziona anali asanatuluke mu ofesi ya kampani yowolotsa katundu pa malire a Mwanza chilowereni m'mawa, ndipo zenera lake linali litatchingidwa ndi lole ya matabwa. Abwana ake, a Francis, ankafuna kuti awalembere pulogalamu ya pa kompyuta yotumizira madalaivala uthenga pafoni kuti asiye kudzazana pakhomo.

Uthengawo unali ndi mipata itatu: dzina la dalaivala, nambala ya lole, ndi tsiku lowolokera ku Zobue, mbali ya Mozambique. Kompaila, imene imayamba yafufuza zolakwika pulogalamu isanagwire ntchito, inamubwezera zilembo zofiira: mipata ilipo itatu, mwapereka zinthu ziwiri.

Chosowacho chinali tsiku, ndipo panalibe amene ankalidziwa.

"Ingolembanipo kuti mawa," anatero a Francis atatsamira chitseko. "Timawauza choncho."

Taziona analemba. Zofiira zija zinabweranso: mpata uwu ukufuna nambala, inu mwaikapo mawu.

Panja, dalaivala wa lole ija, amene anali atamva "mawa" kwa masiku asanu ndi anayi, ankayanika malaya ake pagalasi. Taziona anachotsa manja pa kompyuta. Mu ofesi yonseyo, iyo yokha ndi imene inkakana kumunamiza munthuyo.