Nthambi Yotseka Njira ya a Rufina

A Rufina anakumba batata yawo ya kachewere isanakhwime. Aliyense wa ku Domwe amadziwa kuti batata yanthete siisungika: ukaikhudza ndi chala khungu limasupuka, ukaiunjika m'thumba siichedwa kununkha. Iwonso ankadziwa. Koma anakumba dimba lonse, chifukwa mwana wawo Geraldo anali atawauza kuti korida, mpikisano wa njinga wochokera ku Vila, udzadutsa pakhomo pawo penipeni.

Geraldo anakulira pa njinga. Asanakwatire ankanyamula matumba a chimanga ndi nyemba kupita nawo kumalire ku Kalomwe, ndipo panalibe chitunda m'dera lonselo chimene sanakankhepo njinga. N'chifukwa chake anyamata a kilube ya njinga ku Vila, aja ovala makabudula othina ngati khungu la chule, anasankha iyeyo kuti awasonyeze modutsa. Pa nthawiyi n'kuti akukhala kuchikamwini, kwawo kwa mkazi wake cha ku Lifidzi.

Tsiku limene anabwera ndi nkhaniyo, amake sanamuombere m'manja. Anamufunsa ngati mmene amafunsira ogula a pa merikado, msika wa kwawoko.

"Adzaima, kapena adzangodutsa ngati kamvuluvulu?"

"Pamwamba pa chitunda chanuchi m'pamene adzamwere madzi, amayi. Magalimoto owatsatira adzaima pano. Oonerera adzadzaza mpaka kumunda uko."

"Oonererawo amadya?"

"Amadya. Tchipisi chokhachokha."

"Ukandinamiza?"

"Wosankha njira ndine. Ndikunamizeni bwanji?"

Vuto linali limodzi, anatero Geraldo: mvula inali itakumba ngalande mumsewu, ndipo njinga za anthuwo zili ndi matayala oonda ngati chala. A Rufina sanadikire boma. Anatenga khasu, mwana wawo wamkazi Serafina anatenga basiya, nayamba kukwirira ngalandezo ndi miyala ndi dothi kuyambira pa mphambano m'munsi mpaka pakhomo. Aneba ankawaseka kuti alembedwa ntchito ya misewu atakalamba. Iwo ankangoyankha kuti adzaseke bwino tsiku lopempha tchipisi chaulere.

Sabudu la koridalo, tsiku Loweruka, anasenda batata kuyambira mame asanaume. Mabasiya anadzaza, batata yoduladula ili m'madzi, matumba ena osasenda atatsamira kukhoma. Moto unayaka, mafuta anatentha m'chiwaya. Serafina anadula kabichi ndi matimati, nathira piripiri m'botolo.

Dzuwa linakwera. Panadutsa bambo wina atamanga mbuzi pa kaliyala, kenako ana awiri opita kukagayitsa. Kenaka kumunsi kunamveka mabelu a njinga zamoto, zija amati mota, malikhweru ndi nthungululu. A Rufina anaponya batata yoyamba m'mafuta. Phokosolo linakula, linakula, kenako linayamba kuchepa, kumka kum'mawa.

"Ipula izo," anauza Serafina. Anamanga chitenje n'kutsetsereka msewu umene anaukonza okha.

Pa mphambano anapeza njira yawo itatsekedwa. Munthu anali atagoneka nthambi ya bulugamu chopingasa, n'kulemba mzere wa phulusa kutsogolo kwake, monga amachitira apaulendo akafuna kuuza obwera m'mbuyo kuti uku musalowe. Pambali panaima Osvaldo, mnzake wa Geraldo pa ntchito yonyamula matumba, atagwira kansalu kofiira.

"Mwaswera, amayi a Geraldo?"

"Waika ichi ndani?"

"Inetu andipatsa mbendera yokha."

"Sindikufunsa za chisanza chakocho. Nthambi iyi waika ndani?"

Osvaldo anakanda m'mutu. "Geraldo mwini wake. Dzulo madzulo. Asatu, ine ndimayesa mukudziwa. Njira inasintha kale, sabata yatha ija. Akudutsa ku Lifidzi, pomwera madzi ndi pakhomo pa apongozi ake. Akukazinga kumeneko, mpaka nkhuku."

A Rufina anayang'ana nthambiyo. Masamba ake anali atafota kale. Sabata yatha. Chikhalirecho Geraldo anali atabwera kunyumba pakati pa sabata yomweyi, anawapeza atawerama ndi khasu pa ngalande yomaliza, anadya, anatenga nyemba zopita nazo kwa mkazi wake.

"Abwereranso pano?"

"Akazungulira phiri abwerera pompano kupita ku Vila."

A Rufina anakhala pansi m'mphepete mwa msewu, miyendo tambalale, nadikira.

Oyamba anatulukira atawerama pa mahandulo, akudutsa fyuu, osayang'ana munthu. Ena anatsatira m'magulu, nkhope zili mbuu ndi fumbi. Wina wonenepa ankapalasa akutukwana chitunda m'Chipwitikizi. Kumapeto kwenikweni kunabwera Geraldo pa njinga yake yakale, zigubu zopanda madzi zikugundana pa kaliyala. Anawaona amake ali patali. Anachepetsa liwiro, ndipo a Rufina anaona bwinobwino kuti akuganiza zongodutsa. Koma anatsika.

"Amayi."

"Bwera pafupi, ndisakuwe."

Anayandikira akukankha njinga, nanjuta.

"Unandipeza ndi khasu pamwamba apo. Unati chiyani?"

"Amayi, nkhani yake ndi yaitali."

"Unati chiyani?"

"Ndinati msewu wakongola."

"Wakongola. Uli mkudziwa."

"Ndinkafuna kukuuzani. Pakamwa panalemera. Amalume a mkazi wanga anandiitana, anati iwe ukudya zathu, ukulima munda wathu, chabwino chikabwera ukuchitengera kwa amako? Mukudziwa nokha, mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka. Akanandisudzula ndikanapita kuti ndi mwana wathu wakhanda uja?"

"Za chikamwini usandiphunzitse. Bambo ako anakhala mkamwini pakhomo panga mpaka manda. Asewere anga kukoka korida n'kuika pakhomo pawo, achita bwino, nane ndikanachita chomwecho. Iwo si mwana wanga." Anamuloza ndi chala. "Batata ndakumba iwe utachoka. Ukanatsegula pakamwa tsiku limene lija, bwenzi ili m'nthaka ikukula. Mawu amodzi. Ukanatuma ngakhale chitsiru ichi cha mbenderachi."

"Inetu sindinalakwe," anatero Osvaldo.

"Khala chete iwe."

Geraldo anayang'ana pansi. "Ndimati mwina ena angakwerebe kubwera kwanu."

"Adumphe nthambi? Nthambi yoika iwe, ndi phulusa lomwe, kuopa kuti wina angasochere n'kudzagula kwa amako?"

Mota ya akuluakulu a kilube inabwerera kudzamuitana. Woyendetsa anaimba belu, nakuwa kuti shefi, mkulu wa kilubeyo, akumufuna ku Vila pa mphoto. Geraldo anaikodola kuti idikire.

"Ndibwera madzulo ano, amayi. Matumba otsalawo ndinyamula ndekha kupita nawo ku Kalomwe. Ogula a ku Dedza sasankha kwambiri."

"Yosendayo uitani? Uivekanso khungu?"

"Amayi..."

"Pita, akukuitana eni ako."

Geraldo anatambasula dzanja kuti achotse nthambi ija. A Rufina anaiponda ndi phazi.

"Isiye. Watseka wekha."

Mota inaimbanso belu. Geraldo anaima kanthawi, kenako anakwera njinga, zigubu zikulira gobede gobede, natsetsereka kulowera ku Vila. Amake sanamuperekeze ndi maso. Anatembenukira kwa Osvaldo, amene ankapinda kansalu kake mofulumira.

"Njinga yako ili kuti?"

"Ili kuseri kwa thengo uko. Koma amayi, Geraldo wanena kuti abwera."

"Ndakufunsa za Geraldo? Matumba anga afike ku Kalomwe lero, dzuwa lisanapendeke. Mawa ayamba kutuluka madzi."

"Lerotu ndatopa, ndaima pano chiyambire m'mawa. Komanso chitunda chanu chija..."

"Chitunda changa n'chosalala kuposa bwalo la igereja kumene timapemphera, ndachikonza ndi manja awa. Watopa ndi kugwedeza nsanza? Ukadya tchipisi mpaka mimba ikane, unyamulenso ya ana ako. Zotsalazo tikambirana ukagulitsa."

"Tikambirane pompano, amayi. Inu ndimakudziwani."

"Ukundidziwa, ndiye tenga njinga."

Osvaldo anaseka pang'ono, nalowa kuseri kwa thengo. A Rufina anayamba kukwera chitunda osamudikira, akuwerengera m'mutu makomo amene ali ndi nkhumba, oti angalandire batata yosenda isanade.