Makina a Dzanja Limodzi

Vinsenti anagwa m'mawa wina wa mwezi wa Juni akupala thabwa la chitseko. Atatuluka m'chipatala patatha milungu itatu, mwendo wamanzere unkakoka pang'ono, koma dzanja lamanzere linali litaferatu. Madokotala anati ndi sitiroko. Kwa zaka zoposa makumi awiri iye anali kalipentala wodziwika ku Kabwazi konse. Tsopano ankangokhala pakhonde atafunda bulangete, ndipo shedi yake yogwiriramo ntchito, yomwe inali kuseri kwa khitchini, anaitseka ndi loko.

Mkazi wake, Magadalena, anapirira miyezi isanu ndi iwiri akuona mwamuna wake akufota ngati mbewu yosowa madzi. Tsiku lina mlongo wake George, yemwe ankagulitsa kabichi pa Chimbiya, anabwera ndi nkhani.

“Achemwali, pali munthu wowotcherera zitsulo dzina lake Mandla, akugulitsa makina oboolera, aja oimirira okha. Umangoika thabwa pansi pake n'kutsitsa chogwirira. Dzanja limodzi likwana.”

“Alamu anuwo sangalole. Safuna ngakhale kumva fungo la utuchi.”

“Ndiye musawafunse,” anatero George.

Magadalena anagulitsa nkhumba yake yaikazi ndi matumba anayi a kachewere, n'kukwera galimoto kupita ku Chimbiya. Makinawo anawapeza pakona ya shopu ya Mandla atavindikiridwa ndi chiguduli. Anali aatali kufika paphewa pake, penti wake wobiriwira atasupuka, ndipo kathebulo kake kachitsulo kanali ndi dzimbiri komanso timaenje tosiyidwa ndi anthu amene anaboola mopitirira.

“Ndi akale, mayi, sindikubisirani,” anatero Mandla. “Ndinawagula kwa munthu amene ankacheka matabwa kuphiri la Dedza. Lamba wake watha, mukasinthe. Koma mota yake sinandivutepo. Kodi ogwiritsa ntchito ndani?”

Magadalena anamufotokozera. Mandla anayatsa makinawo n'kuika chidutswa cha paini. Magadalena anapempha kuti ayese yekha. Anabisa dzanja lamanzere kumbuyo, n'kutsitsa chogwirira ndi lamanja. Chitsulo choboolera chinalowa m'thabwa mosavuta ngati chala m'dothi lonyowa. Sanazindikire kuti nthawi yonseyo Mandla anali atagwira thabwalo kumapeto kwake.

Makinawo anafika kunyumba masana, pamwamba pa matumba a feteleza m'galimoto ya matola. Amuna anayi anawatsitsa akubuula. Vinsenti anangoyang'ana ali pakhonde. Magadalena atamupempha kiyi wa shedi, anatulutsa m'thumba n'kumupatsa osamuyang'ana.

“Nkhumba ija ili kuti?” anafunsa.

“Ndi imeneyo mukuionayo, bambo a Faith.”



George anaimika makinawo pakati pa shedi, padothi, ndipo poona kuti akupendama anayamba kulowetsa timiyala pansi pake. Chitseko chinali chotsegula, moti Vinsenti ankaona zonse. Anapirira mwala woyamba ndi wachiwiri. Pa wachitatu anatenga ndodo yake n'kuimirira.

“Alamu, chotsani miyalayo. Chinthu chimenecho chikayamba kunjenjemera chidzagwera munthu.”

Analowa m'shedimo koyamba chichokere kuchipatala. Anayang'ana denga, anayang'ana zenera, kenako analoza ndi ndodo pafupi ndi khoma la kum'mawa, pamene kuwala kunkagwera. Anati akumbe pamenepo, athire konkire, amizemo mabawuti anayi mitu ili pansi. Magadalena anatunga madzi, George anasakaniza simenti, ndipo Vinsenti anayeza mipata ya mabawuti kawiri, tepi ataipanikiza ndi bondo. Anawauza kuti adikire masiku anayi. George anati awiri akwana, koma Vinsenti anangomuyang'ana, nkhani n'kuthera pomwepo.

M'masiku odikirawo Vinsenti anakhala pampando n'kumachotsa dzimbiri pakathebulo kaja ndi sandipepa ndi mafuta. Tsiku lachisanu anakweza makinawo pakonkire n'kumanga manati. Vinsenti anaika levulo yoonera ngati apendama, anauza George kuti amasule nati imodzi alowetse kachidutswa ka lata, anaikanso levulo, kenako anagwedeza mutu kuvomereza. Munthu wa zamagetsi anadzakoka waya kuchokera m'nyumba, lamba watsopano anaikidwa, ndipo atayatsa, makinawo analira bwino osagwedezeka.

Vinsenti anasankha kathabwa kakafupi ka mlombwa. Ananyamula dzanja lake lakufalo ndi dzanja lamanja n'kuligoneka pathabwapo kuti lipsinje. Kenako anatsitsa chogwirira. Chitsulo chinalowa bwino mpaka pakati, koma chitatsala pang'ono kutulukira chinakodwa. Thabwa linazungulira mwamphamvu, linamenya khoma n'kugwa pansi. George anathamanga kukazimitsa.

“Palibe kanthu,” anatero Vinsenti. “Ndinafulumira. Ndipatseni lina.”

“Bambo a Faith, dzanja lanu,” anatero Magadalena motsitsa mawu.

Vinsenti anayang'ana. Kuseri kwa chikhatho kunali kutang'ambika kuyambira pachala chachikulu mpaka pamfundo, ndipo magazi ankadontha pakonkire yatsopano. Iye sanamve kalikonse. Analiyang'ana dzanjalo nthawi yaitali ngati la munthu wina, mpaka Magadalena analikulunga ndi mpango wake wakumutu.

Kuchipatala anamusoka. M'mawa mwake Magadalena anamupeza pakhonde, n'kukhala pansi pafupi ndi mapazi ake.

“Ndalakwa ndine. Ku Chimbiya ndinayesa ndi dzanja limodzi n'kuona ngati zitheka, koma tsopano ndazindikira kuti mwiniwake anandigwirira thabwa. Ndimuuza George awabweze.”

“Makinawo alibe mlandu, mayi a Faith. Inunso mulibe.” Vinsenti anapumira. “Miyezi yonseyi ndakhala ndikudikira kuti dzanjali lidzuke. M'mawa uliwonse ndimaliuza kuti lifumbate. Dzulo lang'ambika ine osamva. Silidzukanso ili.”

Magadalena analira mwakachetechete. Vinsenti anamusiya alire, kenako anamupempha pensulo ndi kope lakale la mwana wawo Faith, yemwe anali kusukulu yogonera komweko.

Anajambula kwa masiku atatu, akufufuta n'kuyambiranso. Lamlungu atachoka kutchalitchi anamuonetsa George. Chinali chopanira thabwa choyendetsa ndi phazi: mpini wa chitsulo pamwamba pa kathebulo, tcheni cha njinga chotsika pansi, ndi thabwa lopondapo. Ukaponda, mpiniwo unkatsika n'kupana chimene ukuboola. George anapita nacho chojambulacho kwa Mandla. Mandla atamva za ngoziyo anawotcherera zitsulozo tsiku lomwelo, ndipo anabwera yekha panjinga yamoto kudzazimanga.

“Ndinayenera kuwachenjeza mayiwa,” anauza Vinsenti. “Ine manja anga amangogwira okha, sindinaganize.”

“Inenso ndinali wotero,” anayankha Vinsenti.

Choyamba tcheni chinali chachitali, anachidula. Kenako mpini unkasiya chipsera pathabwa, anaukulunga ndi mphira wa tayala. Popeza mwendo wamanzere sukanamuimika pamene wamanja ukuponda, anamukhomera mpando wautali kuti azigwira ntchito atakhala. Dzanja lakufalo Magadalena analisokera kathumba ka nsalu kokoleka m'khosi, kuti lizikhala pachifuwa kutali ndi chitsulo.

Vinsenti sanabwerere ku ukalipentala wake wakale. Kucheka ndi kupala kunkafuna manja awiri. Koma Gervazio, kalipentala amene anatenga makasitomala ake ambiri iye atadwala, anamva za makinawo ndipo Lachiwiri lina anafika ndi miyendo ya mabedi atamanga panjinga. Anaima pakhomo la shedi mwamanyazi.

“Ine ndimaboola ndi chapamanja, mabowo amapendama,” anatero. “Ndinati mwina mungandithandize.”

Vinsenti anatenga mwendo umodzi, anautembenuza, n'kuona pamene Gervazio analemba ndi pensulo. “Apa mwaika kufupi kwambiri ndi m'mphepete, mwendowu ung'aluka. Sunthani pang'ono. Mubwere mawa madzulo.”

M'mawa mwake Magadalena anamumangira kathumba kaja, anamukhazika pampando, n'kuima pafupi ndi swichi.

“Anyezi aja kudimba mwawathirira liti?” anafunsa Vinsenti.

“Ndikathirira mukamaliza.”

“Pitani. Mukaima pamenepo ndiziyang'ana inu m'malo moyang'ana chitsulo.”

Magadalena anazengereza, koma anatenga kheni yothirira n'kutsetsereka. Dimba linali pafupi, kumunsi kwa nyumba, moti makinawo ankamveka. Makinawo analira, kenako anasiya. Iye anaima ndi kheni m'manja, madzi akutayikira pamapazi, mpaka anamva akuliranso. Anathirira mzere umodzi. Makinawo anasiyanso, ndipo ulendo uno anakhalitsa. Anaika kheni pansi n'kuyamba kukwera mtunda, koma asanafike pakhola la mbuzi makinawo anayambiranso. Anaima pamenepo kanthawi akumvetsera, kenako anabwerera kukamaliza mizere yotsala.