Phazi la a Kefasi ndi Chilombo cha ku Nyatsime

A Kefasi a ku Unit G, kufupi ndi Harare, anali ndi bala pachidendene, la matenda a shuga, lokana mankhwala onse. Adokotala anali atayamba kuliyang'ana phazilo ndi maso a munthu wa m'butchala. Ndiye mwana wawo Nomatter, namwino wa gulu loyesa zipangizo zatsopano ku Harare, anawamanga bandeji yachilendo. M'kati mwake munali kachitsulo kopyapyala ngati chikhadabo, komva kutentha ndi chinyezi cha bala n'kumauza foni yake.

"Ababa, phazili lipume. Mukalivutitsa, ndidziwa."

"Bandeji yamiseche," anang'ung'udza motero a Kefasi. Koma m'kombi, minibasi ya kumeneko, ankakweza mwendo kuti aliyense aone. "Ntchito ya mwana wanga iyi! Phazi langa limaimba foni, lanulo limangonunkha."

Bala linayamba kutseka. Kenako ku Nyatsime, dera lapafupi, kunagwa maliro a mnzawo wa kudambwe, amene anakulira naye limodzi pafamu. Munthu wotere sapita popanda gule. A Kefasi anatsanzika kunyumba kuti akukagula tomato kumsika.

Masana chilombo cha nthenga chinalowa m'bwalo, fumbi koboo! M'kati mwa chigoba a Kefasi ankamva chidendene chikuyaka, koma ng'oma ikakoma ndani amamvera chidendene? Potembenuka anaona Nomatter pakati pa amayi oimba, foni ikulira m'dzanja. Chilombo chimachokera kumanda, mulibe bambo wa munthu m'menemo. Mwana wokulira Chishona uja akanangofuula kuti "Ababa!" ndiye kuti a Kefasi nkhope akanaiika kuti pamaso pa anzawo?

Nomatter anayandikira, anagwada, nawomba m'manja.

"Pepani inu akumanda. Pobwerera kwanu mudzere kumsika. Mukapezako mkulu wina wouma mutu akusankha tomato. Mukamuuze kuti bala lake latseguka. Akapanda kukhala pansi pompano, phazi lija akalisiya kuchipatala."

Amayi anagwirana mapewa ndi phwete, woimba ng'oma mpaka anaphonya. Chilombo chinazungulira kamodzi mwaulemu, n'kulowera kutchire chikutsimphina pang'ono.

Madzulo Nomatter anamasula bandeji ija. Bala linali litang'ambika m'mphepete mokha, pakati panali pouma. Analitsuka, namanga ina. A Kefasi ankangomuyang'ana pamutu, chifuwa chitatukumuka, akulakalaka pakanakhala kombi yodzaza anthu oti awauze. Koma nkhani imeneyi inali yosauzika, ndipo zinawawawa kuposa balalo.

Anatsokomola. "Mayi, kumaliro kuja kunali bwanji?"

"Chilombo chinavina bwino kwabasi, Ababa," anatero Nomatter. "Kwezani phazi pampando."