Botolo Lomwe Silinafike ku Labu

Suhaila anadikira zotsatira masabata atatu, koma atapita kukazitenga ku labu ya ku Area 3, mtsikana wa pakauntala anangopukusa mutu. Dzina la bambo ake, Abdallah Nasser, munalibe m'buku, munalibenso mu kompyuta. Suhaila anakalipa mpaka mlonda anasuzumira pakhomo. Bambo akewo, telala wa ku Old Town, mawu anali atasasa kwa miyezi isanu, ndipo tsopano ngakhale phala linkawatsamwa. Adokotala anadula kanyama pakhosi pawo, n'kukaika m'kabotolo ka mankhwala kuti kakapimidwe pa maikulosikopu. Popanda pepala lonena ngati ndi khansa kapena ayi, chithandizo sichikanayamba.

"Amayi, musatikalipire ife," anatero mtsikanayo. "Botolo lanu silinafike kuno. Munatuma ndani?"

Apa Suhaila anakumbukira. Tsiku lija iye anathamangira kuntchito ku City Centre, botolo n'kusiyira a Sefu, mng'ono wa bambo ake, mkulu wodziwa zonse amene chibadwire sanafunsepo munthu njira.

Anawapeza kushopu akusita mkanjo. Bambo ake anali khale pamakina, mpango uli m'khosi.

"Bambo aang'ono, botolo lija munapita nalo kuti?"

"Ndinalisamala."

"Kulisamala bwanji?"

A Sefu anaika simbi pambali mosatekeseka. "Mwanawe, mnofu wa Msilamu sitimausiya kwa anthu osawadziwa. Akatha kuuyang'ana amautaya kudzala limodzi ndi mabandeji. Mankhwala aja ndinakhuthula, kanyamako ndinakatsuka, n'kukakulunga m'kansalu koyera. Ndinakakwirira kumanda mwaulemu wake."

Mutu wa Suhaila unatentha. Ulemu umene anakula nawo unathawa wonse, ndipo ogulitsa zitenje pakhonde anasiya makasitomala n'kutchera khutu.

"Munafunsa ashehe? Munafunsa dokotala? Ayi, munangofunsa mutu wanuwo! Masabata atatu mukundiona ndikuimba mafoni ngati wamisala, inu duu, kumamwa tiyi! Mwayamba kuwaika m'manda pang'onopang'ono akadali moyo!"

A Abdallah anagogoda tebulo ndi sizasi. Anakodola Suhaila kuti asendere pafupi, poti mawu awo sankafikanso patali.

"Usamulalatire," ananong'ona. "Ndinamutuma ndine. Ndinaopa kumva dzina la matendawa."

Apa ndiye Suhaila anakwiya zenizeni, mkwiyo wopweteka wosowa woumenya nawo. Anali atanyoza mtsikana wosalakwa, atachititsa manyazi bambo ake aang'ono pagulu, pamene mwini nkhani ankamuyang'ana m'mawa uliwonse n'kumufunsa ndi maso ngati zotsatira zatuluka.

"Ababa, inu mukuopa dzina. Chinthucho sichikudikira kuti tichitchule, chikungokula."

Anaimbira kuchipatala ali pomwepo, foni ataikweza kuti onse amve. Nesi anati kanyama kokwiriridwa kalibenso ntchito, afunika kudula kena, ndipo mndandanda ndi wautali: abwere pakatha masabata asanu ndi limodzi.

A Abdallah anamwetulira mokakamiza, natenga kapu ya madzi kuti amuonetse mwana wawo kuti masabata asanu ndi limodzi si kanthu. Anamwa kamodzi. Madziwo anabwerera m'mphuno, n'kunyowetsa nsalu ya kasitomala.