Manja a Rkia, Makutu a Mbarek

Amuna anga a Mbarek anakwatira kawiri: poyamba wailesi, kenako ine. Sindikunena wailesi yomvera nyimbo ayi. Ndikunena chibokosi chija cha m'kachipinda ka padenga pathu kuno ku Safi, cholankhulira ndi anthu a kutsidya kwa nyanja pogogoda kachitsulo, ti-ti-taa, zilembo za Morse. Chiphaso chake anachipeza atalephera mayeso kawiri, koma mukawamva akudzitama mungati anabadwa nacho.

Ndiye nyamakazi inawagwira zala. Zinatupa, zinapindika, moti ngakhale batani la malaya linkawakanika. Munthu anayamba kungokhala padenga kuyang'ana bokosi lake ngati wafedwa. Zinandimvetsa chisoni, komanso kunena zoona zinanditopetsa. Tsiku lina ndinawauza kuti asendere uko, andiuze zogogoda. Zaka makumi awiri ndikumva phokosolo ndikuyanika zovala padengapo, zilembo zinali zitandilowa kale m'mutu.

Tinagawana ntchito. Iwo ankamvetsera ndi kulemba, poti makutu awo ndi akuthwa. Ine ndinkagogoda m'dzina lawo. Lamulo tinkalidziwa bwinobwino: wopanda chiphaso asakhudze kachitsulo, akakupezani amalanda chiphaso ndi wailesi yomwe. Koma tinkati ndani angaone kudzera m'mphepo.

Lachisanu lina a Mbarek atachoka ku mzikiti anabwera ndi mlendo, Si Allal, mkulu woyesa mayeso a wailesi m'chigawo chathu. Mlendoyo anadya mbale ziwiri za kusukusu wanga, chakudya chathu cha timibulu ta ufa wa tirigu. Titafika pa tiyi m'pamene anapukuta ndevu.

"Mbarek, mayeso aja ndinakuyesa ndine. Kagogodedwe kako ndimakadziwa, kamayenda ngati bulu wotsimphina. Nanga miyezi isanu yapitayi buluyu waphunzira kuti kuvina?"

A Mbarek anayamba kunena za mafuta atsopano opaka m'zala. Bodza lake losaphika n'komwe! Si Allal anangowayang'ana manja, kenako anayang'ana ine. Ndinaika ketulo pansi n'kuvomera kuti wogogodayo ndine, ndipo ngati pali woti amangidwe, amange ine.

Mkuluyo sanaseke. Anati lamulo ndi lamulo, iye sangadziyese wogontha. Mayeso otsatira anali patatha milungu itatu. Ndikakhoza, nkhani yathera pa tiyi pomwepo. Ndikalephera, abwera ndi galimoto kudzanyamula bokosi, ndipo dzina la a Mbarek lifufutidwa. Anawonjeza kuti mayesowo ndi a mbali ziwiri, kutumiza ndi kulandira, mawu khumi ndi awiri pa mphindi.

Apo m'pamene panagona vuto. Kugogoda ndinkatha, inde. Koma kumva? Wina akamagogoda mothamanga ine ndinkangomva ngati mvula pa malata.

Kuyambira m'mawa mwake amuna anga anasiya kundilankhula. Osati chifukwa cha mkwiyo, koma anati m'nyumba muno mawu aletsedwa. Akafuna tiyi ankaliza likhweru m'zilembo za Morse, ti-taa-ti. Akafuna nsapato, likhweru. Ndikaphonya chilembo ankabwereza mpaka ndimve, tiyi n'kuzizira ali chikhalire. Tsiku lina anandituma nsomba ndi likhweru, ine ndinabwera ndi sopo, ndipo anadya buledi wouma osadandaula, akungoliza mawu omwewo. Kumsika ankanditsatira pambuyo akuimba malikhweru, amayi ogulitsa azitona n'kumandifunsa ngati bambo ayamba kuweta nkhunda. Ndinapsa mtima kangapo. Kamodzi ndinawayankha pogogoda supuni pa mphika mawu amene sindingawabwereze pano, iwo n'kusangalala kuti sindinalakwitse ngakhale chilembo chimodzi.

Mlungu wachitatu milomo yawo inali itang'ambika. Ndinawapeza padenga akupukuta fumbi pa bokosi ndi chigongono, pang'onopang'ono, ngati akutsanzikana nalo. Ndinachita mantha kwambiri, poti ndinaona kuti munthuyu akalandidwa chimenechi sakhalitsa.

Tsiku la mayeso m'chipinda munali amuna khumi ndi anayi ndi ine. Wina anandifunsa mwaulemu ngati ndabwera kudzaperekeza mwana. Ndinamuuza kuti asamale pensulo yake. Si Allal anandiveka zomvera m'makutu n'kuyamba kugogoda, nkhope ili gwaa. Mzere woyamba unandidutsa wonse. Kenako ndinatseka maso n'kuganiza kuti ndi nkhalamba yanga ija ikufuna tiyi, basi dzanja linayamba kulemba lokha. Pofika potumiza ndinagogoda mpaka mnyamata wa pensulo uja anatembenuka kukamwa kuli yasa.

Si Allal anawerenga pepala langa kawiri, anadinda chidindo, n'kundiuza kuti kusukusu wa Lachisanu likubwerali asachepe batala.

A Mbarek ndinawapeza atakhala pa masitepe panja, chipewa chili m'manja, akuopa kundiyang'ana. Ndinakhala pambali pawo. Ndinatenga dzanja lawo lotupalo n'kugogodapo ndi chala changa, pang'onopang'ono kuti lisapweteke, kuwauza kuti bokosi silichoka.

Anamvetsera mpaka chilembo chomaliza. Misozi inatsikira m'ndevu, ndipo atayesa kuliza likhweru milomo inakana. Ndiye patatha milungu itatu anandilankhula ndi pakamwa.

"Rkia, mkazi wanga, ndimayesa ndatha."