Madzi a m'Ngalande ya pa Malire

Thandie anali atangodzaza botolo lachitatu m'ngalande ya kuseri kwa msika wa pa malire pamene anamva mawu aukali kumbuyo kwake.

"Achemwali, ndinu a khonsolo?"

Anali a Flossie, eni kalesitilanti kamene madzi ake otsukira mbale ankathera m'ngalandemo. Anaima atagwira m'chiuno. "Ngati mwabwera kudzanditsekera malo, nenani poyera. Osamatunga madzi mobisa ngati mfiti."

Thandie anatseka botolo lija n'kuliika m'kabokosi kozizira. "Sindine wa khonsolo, mayi. Kwathu n'kwa Nthache konkuno, koma ndimagwira ntchito mu labotale ku Blantyre. Ndikusaka tizilombo."

"Epa! Tizilombo n'tosakanso?" anatero a Inocêncio, dalaivala wa thiraki wa kutsidya kwa malire amene ankamwa tiyi pakhonde podikira mapepala a katundu wawo. "Mana, bwerani mudzatole nsikidzi m'thiraki mwanga. N'zaulere!"

Amayi ogulitsa manachesi anafa nalo phwete. Thandie nayenso anaseka, kenako anavula magolovesi n'kutulutsa foni. Anawaonetsa chithunzi cha kambale kodzaza ndi zinthu zotuwa, koma mwina ndi mwina muli timabowo toyera.

"Zotuwazi ndi mabakiteriya, amene amaoletsa zilonda," anatero. "Timabowoti ndi pamene afa. Chawapha si mankhwala ayi. Ndi mavairasi otchedwa mabakiteriyofeji, ife timangoti mafeji. Feji amatera pa bakiteriya, n'kuswana m'kati mwake mpaka bakiteriyayo kuphulika. Munthu alibe naye ntchito. Ngakhale m'matumbo mwanu, a dalaivala, alimo ambirimbiri."

A Inocêncio anagwira mimba yawo. "Ndiye ndimawolotsa katundu wopanda mapepala!"

"Nanga n'kusakiranji m'nyansi?" anafunsa a Flossie, osaseka.

"Mphaka umamupeza pamene pali makoswe, mayi."

 Anthu atabalalika, a Flossie anasendera pafupi n'kutsitsa mawu. Amuna awo, a Laston, anadzitema ndi khasu pamsongolo miyezi itatu yapitayo. Chilonda chija chinakana kupola. Tsopano chinkanunkha, ndipo bamboyo ankangokhala m'nyumba, mwendo atausanjika pa mpando.

"Makapisozi a pamsika pano ndagula mitundu inayi," anatero. "Akamwa masiku awiri, palibe chosintha, ndimakagula ena."

"Kumwa modukizadukiza kumeneko n'kumene kumalimbitsa mabakiteriya," anayankha Thandie. "Ena safanso ndi mankhwala amene tinazolowera. N'chifukwa chake tikusaka mafeji. Apiteni nawo kuchipatala bambowo."

A Flossie anangogwedeza mutu n'kubwerera kukhitchini. Thandie anatsika ndi ngalande mpaka kumene mathiraki amaima, n'kudzaza mabotolo ena awiri.

Pobwerera anapeza a Flossie atanjuta pamalo pomwe paja, akudzaza botolo la zakumwa ndi madzi akuda aja.

"Mayi! Amenewo n'ngachiyani?"

A Flossie anabisa botolo m'chitenje, koma madzi ankadontha. "Mwanena nokha kuti mankhwala ali mommuno. Ndikatsukire chilonda cha bambo. Inu mutenge mupite nawo ku Blantyre, ife eni ngalande tizingoyang'ana?"

Thandie sanakalipe. Anatambasula dzanja. "Mukathira madzi amenewa pachilonda, mwendo uja akaudula, mwinanso mukaika maliro. Mphaka alimo, inde, koma makoswe ndi amene achuluka. Ife timayamba tasefa mpaka bakiteriya aliyense atachoka. Kenako timayesa, chifukwa feji aliyense ali ndi ndiwo yake. Wopha bakiteriya uyu, uyo amangomudutsa."

"Ndiye mudzandipatse osefawo."

"Sindikunamizani, mayi. Kuno mafeji sanafike pokhala mankhwala a m'chipatala. Kumayiko ena apulumutsa nawo anthu amene mankhwala onse anawalephera, ndipo ine ndikudziwa kuti nafenso tidzafikapo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Koma mwendo wa a Laston sungadikire ine."

Maso a a Flossie anadzaza misozi. "Amakana kuchipatala. Akuti akangolowa, akatuluka ndi mwendo umodzi."

"Wochedwa ndi amene amatuluka ndi umodzi. Adokotala akachiona, akachitsuka, akayezanso shuga. Ngati n'kofunika, mafinya angatumizidwe kukapimidwa kuti adziwe mankhwala enieni amene angagwire. Mankhwala amphamvu akadalipo. Chofunika n'kupeza oyenera, ndi kumwa mpaka kumaliza."

A Inocêncio, amene anamva zonse ali pakhonde, anaika kapu pansi. Nthabwala zinali zitawathera. "Mana Flossie, mchimwene wanga ku Zobue ankanenanso choncho, kuti mawa, mawa. Lero amayendera ndodo. Ngati a Laston akuvuta, tiyeni ndikawanyamule ndine. Ine ndimakweza matumba a simenti."

A Flossie anatulutsa botolo lija. Analiyang'ana kanthawi, kenako anakhuthulira madzi onse m'ngalande. Thandie anawapatsa sopo, iwo n'kusamba mpaka m'zigongono.

"Kuchipatalako mukandiyankhulira?" anafunsa. "Ine ndikaona malaya oyera, pakamwa pamauma."

"Basi yanga ndi ya madzulo. Tipitira limodzi."

Nthawi ya nkhomaliro inali itayandikira, ndipo madalaivala atatu anali atakhala kale pabenchi. A Flossie anazimitsa mbaula, n'kukoka chitseko cha lata.

"Mayi, nanga chakudya?" anadandaula mmodzi.

"Lero mukadye kwina," anayankha a Flossie, akukodola wa kabaza wa njinga yamoto. "Ndikukatenga bambo akunyumba."