Mbama za Aphunzitsi

Zaka zitatu zathunthu Aphunzitsi anakhala akujompha kompyuta ndi zala ziwiri ngati nkhuku pa mphale. Chipumireni pa ntchito, m'mawa uliwonse ankakhala pa katebulo ka pakona, ati akulemba buku. Buku lanji? "Mudzaona likadzatha." Akazi awo anatopa n'kufunsa, moti chibokosi chotuwa cha pansi pa tebulocho anangochitcha "mkazi mnzanga".

Ndiye Lachinayi m'mawa mkazi mnzawoyo anakana kudzuka. Kanyale kankayaka, feni inkalira, koma sikirini inali bii, kupatula timawu toyera tachingerezi pamwamba.

"Ikuti sikupeza poyambira," anatero Aphunzitsi. "Mayi, mutu womaliza ndaumaliza dzulo lomweli!"

Dzulo lakelo, bambowo atapita kokametetsa, mayiwo anapukuta chibokosicho ndi kansanza konyowa. Konyowa pang'ono pokha, inu! Fumbi lake linachita kunyanya. Koma nanga munthu ungayambe bwanji kuulula zoterezi? Anazembera kukhitchini n'kuimbira foni mzime wawo, mtsikana wokonza makompyuta pa kampani ina.

"Bwera msanga, mwanangu. Ndapha buku la bambo ako, kompyuta ija ndinaipukuta ndi kansanza konyowa."

Mzime anafika nthawi yopuma masana, kachikwama ka zida kali m'manja. Anazimitsa kompyutayo, n'kuiyatsanso akudina batani limodzi mobwerezabwereza mpaka sikirini inasanduka yabuluu.

"Apa m'pamene imatchula ziwalo zake zonse," anafotokoza. "Hadi disiki, nkhokwe imene mukusungamo buku lanu, palibe pamndandandawu."

"Ndiye kuti yafa?" anafunsa Aphunzitsi.

"Mwina yafa, mwina yangosiya kulankhulana ndi anzake. Tione kaye, adadi."

Anazula pulagi kukhoma, n'kumasula chivundikiro cha m'mbali. Mayi aja anaima pakhomo akupotokola kansalu kopukutira mbale, mantha atawagwira zenizeni. Zaka zitatu za mwamuna wawo, n'kuthera pa kansanza!

Mzime anaunika m'kati ndi foni, kenako anaphulika ndi phwete.

"Amayi, pumani. Madzi anu aja sanafike muno, m'mouma gwa."

"Madzi atinso?" Aphunzitsi anatembenuka.

"Zimenezo mukambirana bwino. Taonani apa." Anawaonetsa kawaya kofiira kakulendewera. "Aka n'kamene kamalumikiza nkhokwe ija ndi ubongo wa kompyuta. Kazuka. Komatu waya ameneyu sazuka yekha. Ndani amamenya kompyuta m'nyumba muno?"

Aphunzitsi anayamba kuyang'ana kudenga.

"Ehee!" Mayi aja mphamvu zinawabwerera nthawi yomweyo. "Paja m'mawa uliwonse ndimamva pha! pha!"

"Feni ikamasokosa ndimangoisisita pang'ono basi," anadziteteza bambowo.

"Kusisita? Mbama zomveka mpaka kubafa zija?"

"Wailesi yanga ija inkamvera mbama zaka makumi awiri."

"Ndipo inafa ndi mbama zomwezo!"

Mzime ankaseka mpaka misozi. Anakankhira kawaya kaja m'malo mwake, anapemerera fumbi la pa feni, anatseka n'kuyatsa. Mdima, mdima, kenako sikirini inawala, zithunzi zonse zili m'malo mwake.

Abale, munthu wamkulu kuvina chonchija! Aphunzitsi anazungulira tebulo kawiri, slipasi imodzi itavuka.

"Musanaimenyenso, ndikopere bukuli pa fulashi," anatero mzime. "Ndi liti?"

Bambowo anazengereza, kenako analoza mwamanyazi. Tsamba loyamba linatseguka. Mayi aja anawerama kuti aone, koma magalasi anali atawasiya kuchipinda.

"Tandiwerengera, iwe."

Mzime anawerenga, mawu akutsika: "*Mtsikana Amene Anandikana Katatu.* Masamba mazana awiri, amayi. Ponseponse ndi inu."

Mayiwo anakhala pansi pang'onopang'ono. Zaka zitatu akuchitira nsanje chibokosi, osadziwa kuti m'katimo muli iwo omwe! Anasangalala kwambiri, misozi ili mbwembwembwe. Kenako anatambasula kansalu kouma kaja n'kupukuta mkazi mnzawoyo pamwamba, mosamala.

"Ndinakukanani kanayi, bambo," anatero. "Mukonze pamenepo."